Ankatitchula kuti "a MCDE": mbiri ya sukulu zathu za CDSS



Sabata yatha ndikudikira minibasi pa Chinsapo, bambo wina wandevu anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, mwandiiwala? Ndine goloboyi wanu uja wa 2001." Tili m'minibasi anandifunsa funso lomwe landichititsa kulemba lero: "Kodi n'chifukwa chiyani anzathu a m'sukulu zogonera komweko ankatitchulabe kuti a MCDE, chikhalirecho pachikwangwani pathu panalembedwa CDSS?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa ankatsikira pafupi. Yankho lonse ndi ili.

Nkhaniyi inayamba mu 1965 pomwe boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College ku Blantyre. Malo m'sekondale anali ochepa kwambiri, ndiye mwana wokhoza Sitandade 8 koma osasankhidwa ankaphunzira kudzera m'timabuku totumizidwa papositi, tomwe tonse tinkangoti "maseti", komanso maphunziro ena ankamveka pawailesi ya MBC. Pang'onopang'ono makolo anayamba kumanga malo oti anawa azikumanirana, ndipo boma linkatumizako mphunzitsi wa pulayimale kuti aziwayang'anira. Mu 1987 kolejiyo inasintha dzina n'kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE, ndipo malo aja ankatchedwa ma DEC. Mawu oti "kuyang'anira" muwamvetse bwino. Papepala ife sitinali oti tiziphunzitsa ayi, mwana amayenera kuwerenga yekha. Koma ndani akanaima n'kumangoonerera mwana wa Fomu 1 akulimbana yekha ndi Algebra? Tinatola choko.

Ine ananditumiza ku DEC ina mu 1996, ndili ndi satifiketi ya T2 basi. Sukuluyo ili kumudzi, kupitirira Likuni panjira ya ku Malingunde, ndipo ndinkapalasa njinga kuchoka kuno ku Chinsapo tsiku lililonse. Tinali ndi buloko imodzi ya makalasi awiri yomwe makolo anaumba okha njerwa zake. Makalasi ena tinkabwereka ku pulayimale ana akaweruka.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linali litayamba maphunziro aulere a pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aliyense ankadziwa kuti khamu limeneli lidzafika pakhomo la sekondale. Choncho mu 1998 boma linalengeza kuti ma DEC asanduke Community Day Secondary Schools, pansi pa Unduna wa Zamaphunziro, ndipo ana azisankhidwa kupitako monga amachitira ku sekondale zina. Ndimaonabe kuti ganizoli linali labwino. Koma kunena zoona, kwathu chomwe chinasintha chaka choyamba ndi chikwangwani. Aphunzitsi tinali omwewo, mabuku omwewo, labu kunalibe. Mwana wathu ankalemba JCE ndi MSCE ya MANEB yofanana ndi wa ku Likuni Boys kapena Dedza, koma iye asidi anangomuona pachithunzi chomwe ndinajambula pabolodi. Ndi chifukwa chake dzina la MCDE linatikakamira. Otitchulawo ankatanthauza kuti ndife otsala.

Ife aphunzitsi tinapulumukira ku Domasi College of Education. Kuyambira mu 2000 kunabwera pulogalamu ya SSTEP, yothandizidwa ndi dziko la Canada, yoti mphunzitsi wa CDSS apeze dipuloma akugwirabe ntchito. Tinkapita ku Domasi pa holide, teremu ikayamba n'kubwerera kukalasi, ma asayimenti tikulembera pa nyali ya parafini. Choseketsa n'chakuti ifenso tinaphunzira mwa njira yomwe ija ya maseti.

Koma chomwe chinayamba kuchotsa manyazi pa ana si mayeso ayi. Ndi Lachitatu masana.

Lachitatu linali tsiku la makalabu. SCOM ndi YCS zinalipo kuyambira kale, ndipo sizinkasowa ndalama: Baibulo, nyimbo ndi mthunzi wa mtengo zinali zokwana. Kalabu ya Wildlife ndiyo inadzala mitengo yomwe lero yatchinga bwalo. Ya Edzi Toto inabwera nthawi yomwe maliro anali atachuluka m'midzi, ndipo ana ankanena m'masewero awo zinthu zomwe ife akuluakulu tinkachita nazo manyazi pa asembule. Ndiye panali zisudzo za ATEM, mpikisano wa m'Chingerezi. Chaka choyamba ana anga anakana kupita, amvekere, "Aphunzitsi, akatiseka Chizungu." Tinapitabe, pa lole ya fodya yomwe kholo lina linatibwereka. Sitinapambane. Koma mtsikana wathu amene anasewera ngati gogo anaseketsa holo yonse, ndipo pobwerera palibe anakhala pansi mu lole muja, nyimbo yokhayokha mpaka kusukulu.

Za mpira zili ndi mbiri yakeyake. Nthawi ya a Kamuzu Banda, masewero olimbitsa thupi m'sukulu zambiri ankayendetsa ndi alangizi a Malawi Young Pioneers. Asilikali atathetsa gululo pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, ntchitoyo inagwera aliyense amene anali ndi wezulo. Kwathu anali ine, munthu woti sindinamenyepo mpira wa nsapato. Tinkalowa mipikisano ya MASSA, mpira wamiyendo kwa anyamata ndi wamanja kwa atsikana. Magolo anali a bulugamu, mizere ya bwalo tinkalemba ndi phulusa, ndipo yunifomu inali imodzi, kotero wotuluka ankavula jezi n'kupatsa wolowa ili yonyowa ndi thukuta.

Mu 2001 muja tinakumana ndi sukulu ina yogonera komweko. Anabwera pa basi yawo, onse atavala nsapato, ochemerera awo akukuwa kuti "MCDE! MCDE!" Anyamata athu asanu ndi awiri anali osavala nsapato. Tinagoletsa chigoli chimodzi chigawo choyamba, ndipo chachiwiri chonse mpira unali pagolo pathu. Mnzanga wa m'minibasi uja anagwira penate kutatsala mphindi zochepa, mudzi wonse unathamangira m'bwalo, amayi akululutira, mpaka oyimbira anavutika kuti amalize masewero.

Lolemba lake ana onse a Fomu 4 anafika nthawi yabwino, ndipo anayi omwe anali atasiya kubwera anatulukira. Chaka chimenecho amene anakhoza MSCE anali ochepabe, sindikubisirani, ndipo goloboyi wanga sanali m'gulu lawo. Anabwereza, nakhoza chaka chotsatira. Akuti pano ali ndi shopu ya zowotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo asanatsike anandilipirira minibasi ine ndikukana.