Osowa a m'mbali mwa Chiuta: mbiri yopanda maina

Anthu ambiri amati kusowa kwa anthu ndi vuto la masiku ano, lobwera ndi mafoni, njinga zamoto ndi dyera la ndalama. Achikulire amaonjezera kuti kale mtsikana ankatha kuchoka kwa Chikweo wapansi mpaka ku Liwonde popanda womukhudza. Mawuwa amakoma m'khutu, koma mbiri ya dera la nyanja ya Chiuta ikuwatsutsa. Kuno anthu, makamaka amayi ndi atsikana, akhala akusowa kwa zaka zoposa 150. Chachilendo n'chakuti ena mwa osowa a lero amalembedwa penapake, pamene a dzana adapita ndi maina awo omwe.

Malo enieniwo ali ndi gawo pa nkhaniyi. Chiuta ndi nyanja yosaya, yodzala mabango, ndipo malire a Malawi ndi Mozambique amadutsa pomwepo. Kumwera kuli Chilwa, kumpoto kuli Amaramba komwe kumayambira mtsinje wa Lugenda. Mabanja a kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo ali ndi abale kutsidya, amalankhula Chiyao ndi Chilomwe chimodzimodzi, ndipo bwato silifunsa chiphaso. N'chifukwa chake munthu akapanda kuoneka, yankho limakhala lili kale pakamwa: adawoloka. Mawu amenewo atseka nkhani zambiri zomwe zidayenera kufufuzidwa.

Za nthawi ya ukapolo zolembedwa n'zochepa. Mu Julaye 1861 David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie adamasula akapolo 84 kwa Mbame, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, n'kupita nawo ku Magomero. Amenewo ndi omwe adawerengedwa chifukwa adakumana ndi anthu olemba. Anzawo adapitirira ulendo wa kunyanja yamchere, ndipo njira zina zinkadzera m'zigwa zomwezi za Chilwa ndi Chiuta. Linga la ogulitsa akapolo la pa phiri la Chikala lidagwa mu 1895, malonda a anthu n'kuzilala, koma palibe adakhala pansi kufunsa midzi kuti idataya yani.

Atsamunda sadavutike nazo. Lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Mwana wamkazi wobadwira m'mudzi ankakula, kutha msinkhu, mwina n'kusowa, boma lisakudziwa kuti adabadwapo.

Ufulu utabwera, kusowa kudavala nkhope ina. Mu Febuluwale 1965 gulu la Henry Masauko Chipembere lidaukira ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, ndipo ulendo wake udathera pa doko la Liwonde. Zitatero anthu ambiri a chigawo chino adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo kufunsa za m'bale wako kudasanduka mlandu pakokha. Chizolowezi chotseka pakamwa chidazika mizu nthawi imeneyo, ndipo sichidathe ndi referendamu ya 1993.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambique. Njanji yochoka ku Nkaya m'boma la Balaka kukafika ku Nayuchi idatsegulidwa mu 1970 kuti inyamule katundu wa ku Nacala, koma m'zaka za m'ma 1980 m'mbali mwa malirewo munkayenda anthu othawa. Malawi adalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Kutsidyako anthu a mfuti ankagwira atsikana m'midzi kuti azikawasenzera katundu, kuwaphikira ndi kuwasandutsa akazi awo. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, othawa adayamba kubwerera, ndipo mabanja ena adabwerera osakwana. Mtsikana wosowa m'zaka zimenezo, kaya wa kuno kaya wa uko, adagwera pakati pa maiko awiri, lililonse likuganiza kuti ndi wa linzake.

Zolembedwa zimayamba kuchuluka mu Novembala 2014, pamene kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino kudakula, Machinga ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Lipoti la Amnesty International la mu Juni 2016 lidati anthu osachepera 18 adali ataphedwa, ndipo asanu adabedwa osapezekanso. Chaka chomwecho katswiri wa United Nations, Ikponwosa Ero, adayendera dziko lino, ndipo aphungu adakhwimitsa zilango za milandu yotere.

Mlandu umodzi wa ku Machinga ndiwo ukuonetsa bwino momwe munthu amasowera. Mnyamata wachialubino wa zaka 22 adasowa kumayambiriro kwa 2018. Sadagwidwe usiku ndi achilendo ovala zigoba kumaso, monga momwe mphekesera zimakondera kunenera. Bwalo lidamva kuti adanyengedwa ndi m'bale wake weniweni, yemwe adamuuza kuti wamupezera mkazi woti akwatire. Mtembo wake udapezeka pa 1 Epulo 2018 utakwiriridwa, ziwalo zina palibe. Mlandu udayenda pang'onopang'ono, kuima, kuyambanso, mpaka pa 28 Epulo 2022 pamene bwalo lalikulu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana. Pakati pawo padali wansembe, wapolisi ndi wogwira ntchito yachipatala. Mu Juni chaka chomwecho asanu, kuphatikizapo m'bale uja, adalamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse.

Tione chimene chidathandiza kuti mlanduwu ufike pamapeto. Bungwe la anthu achialubino la APAM silidatope kufunsa. Nyuzipepala ndi wailesi zidautsata chaka ndi chaka. Maiko akunja adali tcheru. Padapezeka mtembo, ndiye padali poyambira. Ngakhale zonsezi zidalipo, chilungamo chidatenga zaka zinayi. Nanga mtsikana wa m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, wopanda bungwe lomulankhulira, amene wangochoka m'mawa kukagulitsa matemba ku Nselema osabwerako, angayembekezere chiyani?

Apa ndi pamene ndikuona kuti padalakwika. Mnyamata akasowa, mudzi umadzidzimuka. Mtsikana akasowa, anthu amayamba ndi kumuweruza: wathawa ndi mwamuna, watengana ndi msodzi, wapita ku Joni. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma masiku oyambirira, omwe mapazi amakhala asanafufutike ndipo mboni zikukumbukira, amathera m'manong'onong'o ndi kwa asing'anga. Mwinimbumba amaopa kuchititsa manyazi banja. Kupolisi n'kutali, ndipo ulendo wake umafuna ndalama ya kabaza. Lamulonso lidali ndi mpata: kufikira Febuluwale 2017 malamulo aakulu a dziko ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, choncho mawu oti wakwatiwa ankamveka ngati yankho lokwanira.

Phunziro la mlandu wa 2018 ndi lowawa: wodziwa kumene wosowa adapita kawirikawiri amakhala wapafupi, amene amadya naye mbale imodzi. Ndi mmenenso atsikana amatengedwera lero, polonjezedwa ntchito yabwino ku South Africa kapena ku Oman, kumene amayi a Chimalawi oposa 50 adachita kuwomboledwa atazunzika pa ntchito za m'nyumba. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu lidabwera mu 2015, chaka chomwe kulembetsa ana obadwa kudakhala kokakamiza kwa aliyense, ndipo zitupa za unzika zidafika mu 2017. Zonsezi zimathandiza wosowa wa mawa. Koma mtsikana wosowa mu 1987 alibe chithunzi, alibe chitupa, alibe fayilo.

Banja lake lilibenso manda oti likasese. Asilamu sadziwa ngati achite sadaka, Akhristu sangamange chiliza, ndipo amayi ake, ngati akadali moyo, akukalamba ndi funso lomwelo. Amene amakumbukira tsiku lomwe adachoka, chitenje chomwe adavala ndi munthu yemwe adatsagana naye akutha mmodzimmodzi.

Mafumu a kwa Ngokwe, Chikweo, Kawinga ndi madera ena ali ndi mabuku a m'midzi, mizikiti ndi mipingo ili ndi alembi. Kulemba dzina la wosowa, chaka ndi malo amene adaonekera komaliza sikufuna thandizo lochokera kunja. Ngati kwanu kuli wotere, kalembetseni kwa amfumu ndi kupolisi, ngakhale papita zaka 40.