Nyumba ya Mandala ndi Kamangidwe Kake

Nyumba ya Mandala, mumzinda wa Blantyre, inamangidwa mu 1882 ndipo ndiyo yakale kwambiri mwa nyumba zachizungu zomwe zidakalipo m'Malawi. Eni ake anali kampani ya African Lakes ya ku Glasgow, yomwe ankaiyendetsa John Moir ndi mng'ono wake Frederick. John ankavala magalasi a m'maso, choncho anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linakakamira pa nyumbayi, pa masitolo a kampaniyo, ngakhalenso dera lonse lozungulira.

Anthu a nthawi imeneyo ankaima n'kumaicheukira chifukwa inali yosanja, yoyamba ya mtundu wotere m'dzikoli. Komabe zomangira zake zinali za pompano: zidina, dothi ndi udzu. Chidina chimaopa madzi kuposa china chilichonse, ndipo apa m'pamene pali nzeru ya khonde lalikulu lozungulira nyumbayi. Denga lake, lomwe lero ndi la malata, limatulukira kunja n'kutsamira pa nsanamira, moti mvula ya mphepo siomba khoma. M'chilimwe khondelo limatchinga dzuwa, makoma ochindikala n'kusunga kuzizira m'kati. Azungu anazolowera makonde otere ku India, koma mmisiri wa kumudzi sakanaona chachilendo, pakuti nayenso amasiya khonde pofuna kuteteza khoma lomata.

Nyumbayi sinali yogona yokha. Inali pakati pa bwalo la malonda, pomwe amtengatenga ankatula nsalu ndi mikanda n'kusenza minyanga ya njovu, ndipo bwalolo linali ndi mpanda wolimba ngati linga. Mu 1884 Angoni a Chikuse, omwe likulu lawo linali ku Domwe m'dera la Angónia, anawoloka mtsinje wa Shire n'kuthira nkhondo midzi ya kumapiri a Blantyre, ndipo ambiri anathawira ku Mandala ndi ku mishoni. Mu Januwale 1915 otsatira a John Chilembwe anathyola mosungira mfuti za kampaniyo pamalo omwewo.

Masiku ano boma limaiteteza ngati chipilala cha dziko, motero palibe angaigwetse kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946, ndipo amasungamo mabuku, mapu ndi zithunzi zakale.