Ng'ombe Zimene Zinadyetsedwa Zinzake

Tikamagula nyama, funso lathu limakhala limodzi: anazinga ndani? Lilipo lachiwiri, limene ma ulama akale sanaliiwale: chiwetocho chinkadya chiyani chili moyo? M'mabuku a fiqh muli mutu wa jallalah, chiweto chozolowera kudya najisi. Ena anati nyama yake ndi makruh, ena anati ndi haramu, kufikira chitatsekeredwa ndi kudyetsedwa zoyera. Ambiri a ife tinauphunzira mutuwu ngati nkhani ya nkhuku yofukula kudzala basi. Zimene zinachitika ku Britain zinaonetsa kukula kwake.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ulimi wa kumeneko unasanduka wa mafakitale. Ng'ombe inayenera kutulutsa mkaka woposa umene msipu ungapereke. Choncho makampani ankatenga zotsala za kophera nyama, monga mafupa ndi matumbo a nkhosa ndi ng'ombe, n'kuziphika, kuziumitsa ndi kuzipera kukhala ufa wosakaniza m'chakudya cha ziweto. Unali wotsika mtengo, ndipo palibe chinkatayika. Nyama yolengedwa kuti idye udzu ndi kubzikula inayamba kudya inzake.

Mu 1986 akatswiri anazindikira nthenda yatsopano, BSE, imene anthu anaitcha misala ya ng'ombe. Ziweto zinkanjenjemera, kudzandira ndi kugwa, ubongo utabowokabowoka ngati siponji. Choyambitsa chake sichifa ndi moto wophikira. Ng'ombe yodwala ikaperedwa, ufa wake unkadwalitsa zina. Boma linaletsa kudyetsa ng'ombe ufawo mu 1988, koma linapitiriza kuuza anthu kuti nyama ilibe vuto. Mu 1990 nduna ya zaulimi, John Gummer, inafika popatsa mwana wake wamng'ono nyama ya ng'ombe pamaso pa atolankhani. Sitikuti inkanama mwadala. Koma malonda a dziko anali pachiswe, ndipo mantha a malonda amafulumiza lilime.

Pa 20 March 1996 boma linavomera m'Nyumba ya Malamulo kuti nthendayo ikuoneka kuti yafika kwa anthu. Mayiko a ku Ulaya anatseka misika yawo, ndipo chiletso chinathera mu 2006. Ng'ombe zoposa mamiliyoni 4 zinaphedwa. Anthu 178 anamwalira ku Britain, ambiri mwa iwo achinyamata, atayamba aiwala, kulephera kuyenda, kenako kulephera kulankhula. Nyama imene anadya inali yooneka bwino, yopanda fungo, yokutidwa mwaukhondo m'sitolo.