Foloko ya Njinga ndi Ntchito ya Amakaniko ku Minda ya Fodya ya ku Kasungu

Mbiri ya ntchito yokonza njinga zakapalasa m'boma la Kasungu yalukana kwambiri ndi mbiri ya fodya, pakuti ndalama zogulira njinga, katundu amene njingazo zimasenza, ngakhalenso miyezi imene mwini njinga amakwanitsa kulipira makaniko, zakhala zikutsatira nyengo za mbewu imeneyi. Pa zitsulo zonse za njinga, chimene chimaonetsa bwino kusintha kwa ntchitoyi ndi foloko, chomwe ndi chitsulo cha miyendo iwiri chogwira tayala lakutsogolo n'kulilumikiza ku handulo kudzera m'paipi yolowa m'khosi mwa felemu. Foloko ndiyo imayamba kukumana ndi dzenje, chitsa kapena mchenga wa m'dambo, ndipo ikathyoka njinga ili paliwiro wokwera amagwa chamutu.

Njinga zoyamba kufala m'midzi ya kuno zinabwera ndi amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, komanso ku minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, amene pobwerera ankafika ndi sutikesi, zovala ndi njinga ngati umboni wakuti sanapite kukasewera. Zambiri zinali za ku Britain, monga Raleigh ya ku Nottingham, Humber, Phillips ndi Hercules, zamatayala a mainchesi 28, mabuleki a timitengo tachitsulo ndi foloko yolimba yopanda china chilichonse choyenda m'kati mwake. Foloko yotere ikapindika sinkafuna luso lachilendo: wokonza ankaipanikiza pa mphanda ya mtengo, kulowetsa mwendo wopindikawo m'paipi yaitali, n'kumakoka pang'onopang'ono kwinaku akutsinzina diso limodzi kuti aone ngati miyendo iwiriyo yalingana. Njira ya ku Wenela inatsekeka mu 1974, pamene boma la Dr Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi kutsatira ngozi ya ndege ku Francistown, ku Botswana, imene inapha Amalawi ambiri amene ankabwerera kumudzi.

Zaka za m'ma 1970 zomwezo ndi zimene zigwa za Kasungu zinadzaza ndi maesiteti a fodya. Kampani ya General Farming, yomwe inali pansi pa kampani ya Press, inatsegula minda ikuluikulu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi kulima fodya wa fulu, amene amaumitsidwa ndi kutentha kwa moto woyenda m'mapaipi, ndipo lamulo la Special Crops Act linkalola maesiteti okha kulima fodya wa fulu ndi wa bale, kupatula alimi a pansi pa bungwelo. Ntchito yambiri inkagwiridwa ndi matenanti, mabanja amene ankalima gawo la munda wa mwini esiteti, kudya chimanga cha ngongole chaka chonse, n'kudzalandira chotsala fodya atagulitsidwa, ndipo ambiri mwa iwo ankachokera ku maboma akummwera monga Mulanje ndi Thyolo. Munthu wolandira ndalama kamodzi pachaka amagula njinga kamodzi n'kuyembekeza kuti ikhalitse, choncho makaniko wa pansi pa mtengo ku Santhe, Chamama, Nkhamenya kapena Mtunthama anakhala munthu wofunika. Amwenye atalamulidwa kuchoka m'madera akumidzi m'zaka zomwezo, zipangizo zambiri zinayamba kuchokera kutali, makamaka ku Lilongwe, ndipo kusowa kumeneku kunazamitsa chizolowezi chosataya chitsulo chilichonse chimene chingathe kuwongoledwa, kuwotchereredwa kapena kuikidwa pa njinga ina.

Pamene njinga za ku Britain zinkachepa, malo ake anatengedwa ndi za ku India monga Hero, Avon ndi Atlas, ndi za ku China monga Phoenix, zomwe zinatengera kapangidwe komweko koma pamtengo wotsika ndiponso kawirikawiri ndi chitsulo chofewerapo. Amakaniko anazolowera kulimbitsa foloko ya njinga yatsopano isanayambe n'komwe ntchito, pomangirira ndodo ziwiri zachitsulo kuchokera pa ekiselo ya tayala lakutsogolo kukafika m'munsi mwa handulo, monga mmene ankasinthiranso masipoko ndi kuwotcherera kaliyala yaikulu. Kufunika kwa zimenezi kunakula kuyambira mu 1990, boma litayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, chifukwa tsopano belo lolemera pafupifupi makilogalamu 100, matumba a feteleza a makilogalamu 50, milimo yomangira zigafa ndi nkhuni zinkayenda pa njinga kuchoka m'midzi momwe lole sifika. Msika wa okushoni utatsegulidwa pa Chinkhoma, ndiponso ntchito ya kabaza itafala pa Kasungu boma ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, njinga inasanduka chida chopezera ndalama tsiku ndi tsiku.

M'dziko lotere ndi mmene munalowa njinga yamagiya yamatayala okhakhala, imene inapangidwira zolinga zosiyana kotheratu. Inayambira ku Marin County, ku California, m'zaka za m'ma 1970, pakati pa achinyamata amene ankatsetsereka m'mapiri pongosangalala; kampani ya Specialized inayamba kugulitsa ya mtundu wa Stumpjumper mu 1981, ndipo kampani ya RockShox, imene Paul Turner anaiyambitsa mu 1989, inafalitsa foloko yonyutuka. Mwendo uliwonse wa foloko imeneyi uli ndi mapaipi awiri, yam'mwamba yosalala yomwe imalowa ndi kutuluka mwa yam'munsi, ndipo pakati pake pamakhala mabushi, timphete tapulasitiki kapena tachitsulo chofewa toletsa mapaipiwo kugwedera, pamene pakamwa pa paipi yam'munsi pamakhala kamphira kotchinga fumbi ndi madzi. Chonyutukacho m'mafoloko odula chimakhala mpweya wopoperedwa ndi mafuta ochepetsa kudumpha, koma m'mafoloko otchipa, amene ndi ochuluka pa njinga zatsopano za ku China ndi pa zakaunjika zofika ku Malawi, chimangokhala sipulingi yopakidwa girizi.

Ena mwa opanga mafoloko odula amalangiza kuti azitsegulidwa ndi kutsukidwa akangoyenda maola 50, malangizo amene kwa wakabaza angatanthauze kupita kwa makaniko pafupifupi mlungu uliwonse. Dothi la Kasungu ndi lamchenga, ndipo kuyambira May mpaka October fumbi limamatirira pa paipi yosalala, kulowa pansi pa kamphira n'kusakanikirana ndi girizi, kenako n'kuyamba kupala mabushi monga mmene mchenga umapalira poto. Mvula ikayamba mu November kapena December madzi amalowera pomwe fumbi linatsegula, sipulingi imachita dzimbiri, ndipo utoto wonyezimira wa paipi umatuluka timatuza timene timang'amba kamphira kotsalako. Mwini njinga amazindikira vutoli akagwira buleki yakutsogolo n'kukankha njinga, tayala n'kumagogoda kutsogolo ndi kumbuyo, kapena akaona kuti foloko yamira osabwereranso. Katundu wolemera amafulumizitsa zonsezi, pakuti sipulingi imene inayezedwa pa thupi la munthu mmodzi imaphwathika mpaka pansi ikatsika chitunda ndi anthu awiri ndi thumba la chimanga.

Makonzedwe ake amatengera thumba la mwini njinga, ndipo thumbalo limatengera mwezi. M'miyezi ya njala, January ndi February, pamene ndalama zonse zathera ku feteleza ndi aganyu, chotheka ndi kumasula miyendo, kutsuka ndi palafini, kupala dzimbiri ndi sandipepa, kupaka girizi watsopano ndi kuveka paipi iliyonse chidutswa cha chubu chakale chomangidwa ndi mphira kumwamba ndi kumunsi kuti fumbi lisalowe. Mabushi enieni sapezeka, motero wokonza waluso amadula paipi yapulasitiki yamadzi, kuing'amba m'litali, kuipala mpaka italowa mothina, ndipo kugwedera kumatha kwa kanthawi. Zimenezi zikalephera ena amachotsa sipulingi n'kuikamo paipi kapena thabwa losemedwa, pamene ena amapita nayo kwa wowotcherera kuti amatiritse mapaipi awiriwo, foloko n'kukhala youma. Njira yomalizayi ndi yotsika mtengo koma ndi yosadalirika, chifukwa mapaipi a mafoloko otchipa ndi opyapyala ndipo moto umawafooketsa pafupi ndi chowotchereracho, pamene miyendo ya aluminiyamu kapena maginiziyamu siigwirika n'komwe ndi makina wamba owotcherera a m'misika. Foloko ya ming'alu pamwamba, pomwe miyendo imakumana ndi paipi ya m'khosi, siyenera kukonzedwa mwa njira iliyonse, ngakhale mwini wake atadandaula chotani.

Msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri mu April, ndi pamene anthu amalankhula zosintha foloko yonse, ndipo ambiri amene njinga zawo ndi zantchito amasankha youma, yomwe ndi yopepuka, yotchipa ndiponso yosafuna kutsegulidwa. Kusankha kumeneku si umbuli monga amaganizira ena a m'tauni. Pa msewu wafumbi wa m'chigwa, wopanda mapiri otsetsereka, tayala lonenepa lopoperedwa mosapitirira muyezo limagwira gawo lalikulu la ntchito ya sipulingi. Vuto limakhala miyezo, imene makaniko wakale wa njinga za mainchesi 28 sankavutika nayo. Paipi ya m'khosi ilipo ya inchi imodzi, kapena mamilimita 25.4, imene nthawi zambiri imakhala ndi mazinga, ndipo ilipo ya mamilimita 28.6, yomwe pa njinga zambiri zamagiya ilibe mazinga koma imagwidwa ndi chomangira handulo. Ikafupika siingatalikitsidwe popanda ngozi. Pamafunikanso kuona ngati folokoyo ili ndi pomangira mabuleki a mtundu umene uli panjingapo, a pa limu kapena a disiki, komanso kutalika kwa miyendo, popeza foloko youma yaifupi kwambiri imagwetsa mutu wa njinga, handulo n'kumatembenuka mwaphuma.

Mfundo yakuti njinga yantchito imafuna foloko youma inavomerezedwanso ndi anthu a m'makampani opanga mafoloko onyutuka. F.K. Day, mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya SRAM, yomwe inagula RockShox mu 2002, ndiyenso anayambitsa bungwe la World Bicycle Relief mu 2005, ndipo njinga ya bungweli yotchedwa Buffalo, imene ikugulitsidwa ndi kugawidwa m'Malawi, ili ndi felemu yachitsulo chokhuthala, foloko youma ndi kaliyala yopangidwira makilogalamu 100. Kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, kunakweza mtengo wa chipangizo chilichonse chochokera kunja, zomwe zinapatsa mtengo ngakhale mafoloko akufa amene amakolekedwa pa msomali m'shedi mwa makaniko kudikira kuti sipulingi kapena bawuti yake idzapulumutse ina. Pakalipano mafoloko a matayala a mainchesi 26 akupezekabe m'kaunjika, chifukwa okwera njinga a ku Ulaya ndi ku South Africa anawasiya m'zaka za m'ma 2010 n'kutengeka ndi matayala a mainchesi 27.5 ndi 29, koma njinga zatsopanozo zikubwera ndi paipi ya m'khosi yotambalala kumunsi, imene siilowa m'mafelemu akale amene ali m'midzi ya Kasungu.