Za Nyumba Zatsopano ndi Mabvuto Amene Zinadza Nao

M'masamba ena a kabuku aka ka cikondwerero cathu mwawerenga za nyumba za pano pa Misyoni, ndi zaka zimene zinamangidwa. Koma sitinaone wolemba mbiri amene analemba caka cimene denga linayamba kudontha, kapena tsiku limene citseko cinakana kutsekeka. Ife aphunzitsi a kumidzi, amene tagona m'nyumba zotere ndi kuchera mbale pansi usiku wa mvula, tayesa nkwabwino kuti mbiri imeneyo inenedwenso.

Nyumba ya makolo athu inali yozungulira, ya mitengo yozika pansi, yomanga ndi luzi, yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu. Sinali yokhalitsa, ndipo mwini wace anadziwa ici asanalowemo. Cifukwa cace panalibe comdzidzimutsa. Udzu ukakhwima anaumweta, nafolera mvula isanagwe. Amai anazira pansi ndi pakhonde. Utsi wa moto wa m'katimo unadetsa mapaso, nuletsa tizirombo tofumbwa mitengo. Nyumba ikakalamba anaisiya, namanga yina pambali pace masiku owerengeka, abale alikuthandiza. Zonse zokonzera zinali m'thengo, zosagula.

M'caka ca 1875 a Misyoni ya Livingstonia, pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anafika ku Cape Maclear ndi ngalawa yao Ilala, namanga nyumba zao pa gombe lokoma m'maso, losungika ku mafunde. Bvuto lao loyamba silinali la denga kapena khoma, koma la malo amene nyumbazo zinaimapo. Pakuti malungo anawagwira, ndipo manda anayamba kucuruka. Masiku amenewo sikunadziwike kuti udzudzu ndiwo utenga nthendayi. Ici cinaululika mu 1897. Tsono mu 1881 anasiya nyumba zao zisanakalambe, nasamukira ku Bandawe. Ndipo pamene malungo anawatsata komweko, anakwera ku Khondowe mu 1894.

Ku Blantyre, kumene Misyoni inayamba mu 1876, ndiko njerwa zinaonetsa mphamvu yace. Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndi njerwa zouma ndi dzuwa. Chalichi ca St Michael and All Angels cinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891, wotsogolera nchito ndiye Mbusa David Clement Scott, munthu wosaphunzira za umisiri womanga, pamodzi ndi anthu a dziko lino amene sanaonepo nyumba yotere. Anaumba njerwa za maonekedwe 81 m'zikombole zamatabwa, ndipo asanamange cigawo ciri conse anayamba ayesa kusanja njerwa zouma popanda dothi. Nyumba ziwirizi ziri ciriri kufikira lero, ndipo alendo azizwa nazo. Koma tisayese kuti zaima zokha, pakuti manja a mibadwo yambiri azikonza.

Sukulu za Misyoni, monga ya ku Khondowe ndi Henry Henderson Institute imene inatsegulidwa mu 1909, zinaphunzitsa anyamata kupala matabwa ndi kumanga. Amisiriwo anabwera nalo luso kumidzi. Ndipo amuna opita ku Halale ndi ku Joni anabwera ndi ndalama zogulira malata. Kuyambira pamenepo munthu ali yense anakhumba nyumba ya ngondya zinai, ya njerwa zoocha, yonyezimira padzuwa, nati mumtima mwace, Ndikamanga iyi ndapumula. Koma akuru anati, walira mvula walira matope.

Mdani wamkuru ndiye ciswe. M'nyumba yakale cinali kuonekera msanga pa mitengo, ndipo mwini nyumba anacikokolola ndi dzanja. M'nyumba yatsopano cipeza pobisala. Mudzi wace uli pansi pa nthaka, mwina kutali ndi nyumba. Ciopa dzuwa ndi mphepo youma, cifukwa cace ciyenda m'njira zophimbika. Cikafika pa maziko cilowa m'dothi limene liri pakati pa njerwa, cikwera m'kati mwa khoma osaoneka, kufikira cipeza mphuthu ya citseko, imene amisiri a lero aicha felemu, kapena mtanda wa denga. Pamenepo cidya m'kati, cisiya khungu lopyapyala ndi utoto wace wosakhudzidwa. Ndipo mwini nyumba, poona thabwa liri lokongola, akhala wosadera nkhawa, kufikira tsiku limene atsamirapo ndi cala cace cilowa. Ndipo taonani cinthu codabwitsa: dothi la pa culu ndilo liumba njerwa zabwino, kotero omanga ambiri agumula culu, naumba njerwa, namanga nyumba pomwepo poyandikira, osakumba kufikira mai wace wa ciswe amene aikira mazira pansi. Amisiri ocenjera anaphunzira kukweza maziko pamwamba pa nthaka, ndi kuyala cidutswa ca lata m'khoma coturukira kunja pang'ono, kuti ciswe pofuna kupitirira cimange njira yace poyera ndi kuoneka. Nzeru imeneyi ndi yocepa mtengo, koma ambiri aitaya pofuna kutsiriza msanga.

Mitengo nayo iri ndi mlandu wace. Omanga oyamba anakonda mkungudza wa pa phiri la Mulanje, wa pfungo lokoma, umene ciswe siciukonda. Ndipo anthu anatsika nao matabwa ace pamutu zaka zambiri. Mu 1984 unachedwa mtengo wa dziko lathu, koma lero mitengo yace yaikuru yatsala pang'ono kutheratu. Mlombwa ndi muwanga nazo zasowa. Watsala bulugamu, amene akadulidwa wamuwisi ndi kukhomedwa pomwepo, auma ali padenga, napindika, nang'ambika pa msomali. Citseko ca thabwa losauma citupa m'dzinja osatsekeka, ndipo m'cirimwe cisiya mpata wolowa njoka.

Za malata tinganene zambiri. Tinawayesa mpumulo wa nchito yomweta udzu, ndipo inde moto wolusa suwagwira. Koma m'mwezi wa Okotobala nyumba isanduka ng'anjo. M'miyezi ya cisanu mame agwira kunsi kwace ndi kudonthera ogona, kunja kulibe mvula. Ndipo msomali wokhomedwa m'ngalande ya lata, m'malo mwa pamsana pace, ukhala kasupe. Denga losamangirira ku khoma ndi waya limvera mphepo, ndico cifukwa cace muona miyala ndi njerwa pamwamba pa nyumba zambiri. Coposa zonse ndi ici: denga la udzu linali ndi khonde lalikuru lochinga khoma, ndipo madzi anatsika pang'onopang'ono, koma malata, pokhala ogula, ayalidwa moumira, ndipo madzi onse agwa ndi mphamvu patsinde pa khoma, nakumba maziko. Kumene kuli dothi lakuda la makande, limene litupa ndi mvula ndi kung'ambika ndi dzuwa, khoma litsata dothilo, ndipo ming'alu iyambira pa ngondya za mazenera caka coyamba comwe. Njerwa za kumbali kwa uvuni, zimene moto sunazifikire bwino, zimwa cinyezi ndi kunyenyeka. Awo amene anaona namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malici 2023 adziwa kuti makoma ambiri anagwa cifukwa madzi anafewetsa kunsi kwace.

Ife tomwe tinaziona izi pa sukulu yina ya kumudzi ya Misyoni yathu. Mpingo unamangira mphunzitsi nyumba. Amai anatunga madzi, acinyamata anaumba njerwa, ndipo tsiku lolowamo tinayimba ndi kudya pamodzi. Mvula yoyamba itagwa, madzulo nyali iri kuyaka, ngumbi zinayamba kuturuka pa ngondya ya cipinda cocezera. Ana anathamanga ndi mbale ya madzi, alikukondwa kuti ndiwo zadza zokha m'nyumba. Koma mkuru wina wokalamba amene anali nafe anakhala cete, napukusa mutu, pakuti anazindikira kuti tamanga pamwamba pa mudzi wa eni ace. Caka cisanathe, mphunzitsi anatsegula bokosi la mabuku, napeza kaundula wa ana asukulu wasanduka dothi.

Pamenepo panabuka mlandu umene makolo athu sanaudziwe, ndiwo wakuti, Akonze ndani? Mphunzitsi anati nyumba ndi ya mpingo, ndipo iye angasamutsidwe caka ca mawa. Akuru a mpingo anati mpingo unatsiriza mbali yace tsiku lopereka makiyi, ndipo wogonamo ndiye aone. Mmisiri anali atalandira zace, napita. M'thumba la mpingo munalibe kanthu, pakuti posonkha tinawerengera njerwa, malata ndi misomali kufikira tsiku lotsegulira, osawerengera tsiku lotsatira. Ndipo sitibisa kuti ife aphunzitsi tinalimbira mau athu koposa muyeso. Madzinja awiri anapita tirikukangana, ciswe cirikudya. Ndipo nchito imene ikadatha ndi khasu ndi thabwa limodzi inafuna mitanda itatu ndi mphuthu ziwiri zatsopano.

Potsiriza amuna a mpingo anabwera ndi makasu, nakumba pansi pa cipindaco kufikira m'cuuno, napeza mai wa ciswe m'kanyumba kace ka dothi louma, wonenepa ngati cala cacikuru ca munthu. Anakwirira dzenjelo, natsindira, nayala simenti. Anakumba ngalande yopatutsa madzi kuzungulira nyumba, naonjeza khonde kumbali yocokera mvula. Msonkhano wa akuru unapangana kuti pa zopereka za masika azipatula kagawo kosungira nyumba za mpingo, ndi kuti caka ciri conse, anthu atatha kukolola, akuru awiri ndi mlaliki aziyendera chalichi, sukulu ndi nyumba za aphunzitsi, mmodzi atatenga kampeni kogogodera matabwa, wina alikuyang'ana kudenga dzuwa liri pamutu kuti aone pamene kuwala kulowa. Mphuthu yakale ija, yopepuka ngati phesi, akuru anaisunga m'kacipinda ka kuseri kwa chalichi, ndipo iri komweko.