Mgwirizano wa UDF ndi AFORD: Tiuyese ndi Muyeso Wanji?

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinapatsa Malawi mtsogoleri watsopano, koma sichinamupatse aphungu okwanira oyendetsera nawo boma. Bakili Muluzi wa UDF anapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, Dr Hastings Kamuzu Banda wa MCP anapeza 33, ndipo Chakufwa Chihana wa AFORD anapeza pafupifupi 19. Mwa mipando 177 ya m'Nyumba ya Malamulo, UDF inatenga 85, MCP 56, AFORD 36. Mavotiwo anatsata zigawo: kummwera kunali kwa UDF, pakati kwa MCP, ndipo mipando yonse 33 ya kumpoto inapita kwa AFORD. Kuti boma lidutsitse lamulo kapena bajeti mosapempha thandizo, linkafunika aphungu 89. Kuperewera kwa mipando inayiku ndi kumene kunabala mgwirizano woyamba wa zipani m'boma la demokalase kuno. Mgwirizanowu unathandiza boma kuima pa nthawi yovuta, koma unafooketsa Nyumba ya Malamulo, ndipo mwambo umene unasiya tikuulipirabe.

Poyamba AFORD sinathamangire ku UDF. Chisankho chitangotha inagwirana manja ndi MCP, chipani chomwe boma lake linamanga Chihana mu Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mpando wa Sipikala unapita kwa Rodwell Munyenyembe wa AFORD. Zimenezi zinaonetsa Muluzi kuti otsutsa akagwirizana angathe kumanga boma lake manja. Mu Seputembala chaka chomwecho Chihana anasankhidwa kukhala wachiwiri wina kwa mtsogoleri wa dziko, komanso nduna yoona za ulimi wothirira ndi madzi, ndipo anzake angapo a AFORD analowa nawo m'gulu la nduna. Udindo umenewu munalibe m'malamulo aakulu a dziko, choncho malamulowo anasinthidwa kuti munthu mmodzi apeze pokhala. Chimene chinamanga zipani ziwirizi chinali kugawana maudindo. Anthu sanapatsidwe ndondomeko yoti adzigwiritsa ntchito poweruza ngati malonjezo a mgwirizanowo akukwaniritsidwa, ndipo chinthu chopanda malonjezo odziwika n'chovuta kuchiimba mlandu.

Mgwirizano wa m'boma tingauyese poona kutalika kwa moyo wake, kuchuluka kwa malamulo amene unadutsitsa, kapena mmene unasiyira mabungwe oteteza demokalase. M'dziko limene langotuluka kumene mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa zaka 30, muyeso wachitatuwu ndiwo wolemera, chifukwa zimene aphungu oyamba achita zimasanduka chizolowezi cha amene akubwera. UDF ndi AFORD pamodzi zinali ndi aphungu 121, kuposa 118 amene ankafunika posintha malamulo aakulu a dziko. Mphamvu yaikulu choncho inagwira ntchito yanji? Mu 1995 Nyumba ya Malamulo inachotsa Gawo 64, limene linkalola ovota kubweza phungu wawo akalephera ntchito, ndipo inaimitsa kukhazikitsidwa kwa Seneti, nyumba yachiwiri imene mafumu ndi magulu ena akanakhala ndi mawu. Seneti sinakhalepo mpaka inafufutidwa m'malamulo mu 2001. Zonse ziwirizi zinachotsa maso amene akanayang'anira aphungu ndi boma. Si aphungu a mgwirizanowu okha amene ankaopa kubwezedwa, koma popanda manambala awo kusinthaku sikukanatheka.

Ena amati mgwirizanowu unapulumutsa umodzi wa dziko. Aphungu onse a chigawo cha kumpoto anali kunja kwa boma, ndipo anthu a chigawocho anali ndi mabala enieni, monga kuthamangitsidwa kwa aphunzitsi ochokera kumpoto m'sukulu za m'zigawo zina mu 1989. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo n'zoona kuti kulowa kwa AFORD m'boma kunaziziritsa mitima pa nthawi imene dziko likanatha kung'ambika. Koma kukhala ndi nduna zochokera m'chigawo china sikufanana ndi kupatsa chigawocho mphamvu zokhalitsa. Njira imene ikanachita zimenezo, yopereka mphamvu ku makhonsolo, inachedwa: chisankho cha makhansala sichinachitike mpaka chaka cha 2000. Umodzi womangidwa pa mipando ya anthu ochepa umatha tsiku limene anthuwo ayambana, ndipo ndi mmene zinakhaliradi.

Ena amaloza ku maphunziro aulere a pulaimale, amene anakweza chiwerengero cha ana m'sukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni. Imeneyi inali ntchito yaikulu, koma linali lonjezo la UDF pa kampeni, ndipo boma linaliyamba mu 1994 popanda kudikira mgwirizano. Phindu la kukhala ndi zipani ziwiri m'boma likanaoneka ngati chimodzi chikanafunsa chinzake mafunso ovuta: aphunzitsi ophunzitsidwa bwino achokera kuti, zipinda zophunziriramo zimangidwa liti, ndalama zikuyenda motani m'chaka ngati 1995 pamene mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 83 pa 100 alionse. Chipani chimene chalowa m'boma chifukwa cha maudindo chimataya mawu ofunsira, popeza funso lililonse lolimba likhoza kuchichotsera chimene chinalowera.

Mapeto a mgwirizanowu ndiwo umboni waukulu. Mu Meyi 1996 Chihana anatula pansi udindo ponena kuti m'boma muli katangale, ndipo AFORD inatuluka. Koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka naye, zinatsala pa mipando yawo. Muluzi anapeza kuti safunikanso chipani chonse. Aphungu ochepa opatsidwa unduna ankakwanira. MCP ndi AFORD zinanyanyala zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo kwa miyezi yambiri mpaka mu 1997, ponena kuti boma likugula aphungu awo motsutsana ndi Gawo 65, loletsa phungu kusintha chipani osabwerera kwa ovota. Mkangano wa Gawo 65 unadzabukanso mwamphamvu Bingu wa Mutharika, yemwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, atachoka mu UDF mu 2005, mpaka kuchedwetsa bajeti ya dziko. Mbewu yake inadzalidwa mu 1996.

AFORD nayo inalipira mtengo wa kusinthasintha mbali. Mu 1999 Chihana anaima ngati womutsatira Gwanda Chakuamba wa MCP, ndipo anagonja kwa Muluzi. Mu Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko inabweretsedwa m'Nyumba ndi phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. Mu 2003 Chihana anabwereranso pa udindo wake wakale m'boma la Muluzi. Pa chisankho cha 2004 chipani chimene chinali ndi aphungu 36 mu 1994 chinatsala ndi 6. Ovota akumpoto anaweruza okha kuti mapangano amenewa ankapindulira atsogoleri kuposa iwo.

Wina anganene kuti n'kulakwa kuyembekezera zambiri kwa andale amene anali asanaonepo demokalase ikugwira ntchito. Chifundo chimenechi n'choyenera kwa anthu a mu 1994, koma sichingatambasulidwe mpaka kalekale. Khothi litalamula mu 2020 kuti mtsogoleri wa dziko azipambana ndi mavoti oposa theka, migwirizano inasanduka chinthu chovuta kuchipewa. Mgwirizano wa Tonse, umene unaika Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima m'boma chaka chomwecho, unavutikanso ndi mkangano wa zimene atsogoleri awiriwo anapangana mseri, ndipo UTM, chipani cha Chilima, inatuluka mu 2024. Choncho zipani zikafuna kulamulira pamodzi, nzika ziyenera kuumirira kuti pangano lawo lilembedwe ndi kulengezedwa poyera, litchule ntchito zoti zichitike osati mayina a nduna okha, ndiponso kuti Gawo 65 ligwire ntchito pa aliyense. Mgwirizano umene ovota sangathe kuuwerenga sangathenso kuufunsa, ndipo boma losafunsidwa ndi limene Amalawi analikana pa riferendamu ya 1993.