Malamulo Aakulu a Dziko la Malawi: Chiyambi Chake ndi Kayendetsedwe ka Boma

Malamulo aakulu a dziko ndiwo gwero la mphamvu za boma, ndipo ndi omwenso amaika malire a mphamvuzo. Ndime 5 imanena kuti lamulo kapena ntchito iliyonse ya boma yotsutsana nawo ilibe mphamvu. Mbiri ya malamulowa yagona kwambiri mumzinda wa Zomba, womwe unali likulu la dziko lino kufikira mu 1975.

Nthawi ya atsamunda

Boma la Britain litakhazikitsa ulamuliro wake mu 1891, Harry Johnston anasankha Zomba, m'tsinde mwa phiri, kukhala likulu. Mu 1907 dzikoli linatchedwa Nyasaland ndipo panakhazikitsidwa bungwe lopanga malamulo, wapampando wake ali Bwanamkubwa. Munalibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe m'bungweli mpaka mu 1949. Mu 1956 munalowa aphungu achikuda asanu, kuphatikizapo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, omwe anatsutsa kolimba chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Zokambirana za ku Lancaster House ku London mu 1960 zinabala chisankho cha 1961, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu wodzilamulira.

Chipani chimodzi

Malamulo a 1966 anasandutsa Malawi kukhala ripabuliki ya chipani chimodzi, cha Malawi Congress, pansi pa Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe mu 1971 anakhala mtsogoleri wamuyaya. Likulu litasamukira ku Lilongwe, aphungu anapitirizabe kukumana ku Zomba.

Kubadwa kwa malamulo a lero

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika, yodzudzula kuponderezedwa kwa anthu, inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anachita zionetsero zoivomereza. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anasankha zipani zambiri.

Bungwe la National Consultative Council, momwe munali nthumwi za zipani, ndilo linatsogolera ntchito yolemba malamulo atsopano. Nyumba ya Malamulo inawavomereza pa 16 Meyi 1994, kutangotsala tsiku limodzi kuti chisankho chichitike, ndipo anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi. Popeza analembedwa mwachangu, anawapatsa chaka chimodzi chowayesa. Ataunikidwa pa msonkhano waukulu ku Lilongwe, anakhazikika kwathunthu mu Meyi 1995.

Nthambi zitatu za boma

Ndime 12 ikuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo aliyense wokhala paudindo wangosungitsidwa mphamvuzo. Pofuna kuti zisaunjikane pa munthu mmodzi, zinagawidwa patatu.

Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake amakonza ndondomeko za boma ndi kukwaniritsa malamulo. Mtsogoleriyu amasankhidwa ndi anthu kwa zaka zisanu, ndipo sangapitirire maulendo awiri otsatizana.

Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo, imavomereza ndondomeko ya zachuma ndi kulondoloza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito. Pa chisankho cha 2025 mipando ya aphungu inakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229.

Makhothi amatanthauzira ndi kuteteza malamulo mosalandira malangizo kwa wina aliyense. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, ndipo anagamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka.

Kusintha malamulowa

Kusintha ndime wamba kumafuna aphungu awiri mwa atatu aliwonse. Ndime zotetezedwa, monga za ufulu wachibadwidwe mu Mutu 4, zimafuna riferendamu ngati kusinthako kukukhudza tanthauzo lake. Mu 2002 bilu yochotsa malire a nthawi ya mtsogoleri wa dziko inakanika chifukwa aphungu oivomereza sanakwane.

Zomba lero

Nyumba ya Malamulo tsopano ili ku Lilongwe, koma Zomba akusungabe nyumba yakale ya aphungu, nthambi ya Bwalo Lalikulu, ndi nkhokwe ya zolembedwa zakale ya National Archives. Nzika iliyonse ikulimbikitsidwa kuwerenga malamulowa, chifukwa munthu sangateteze ufulu womwe sakuudziwa.